Mphatso ya mlaza ya a Msampha

"Tsinzinani kaye, amayi," anatero a Enock Msampha, manja ali kumbuyo.

Sabata ziwiri zathunthu aphunzitsi opumawa ankabisala kuseri kwa chigafa, kulukira akazi awo, a Nambewe, chipewa cha mlaza choti azivala kumunda. Mlazawo unawacheka zala, chipewacho n'kutuluka chopindika, koma iwo ankachiona ngati chogula m'tauni.

"Penyani tsopano. Koma mundiuze zoona. Mukudziwa kuti ine bodza ndimadana nalo, Lamulungu lomweli ndalalikira zimenezi kutchalitchi."

A Nambewe anachitembenuza chagada, n'kupisamo dzanja.

"Abambo, luso limeneli munalibisa kuti? Kuya kwake ndi komweku! Thadzi lathu lija lisiya kuikira patchire basi. Chisa chotere ngakhale pamsika wa Kabudula simungachipeze. Mwaganiza nokha, eti?"

A Msampha anayang'ana zala zawo zamabalazo, kenako nkhope yosangalala ya akazi awo. Zaka makumi atatu m'banja, anali asanayamikiridwepo chotere.

"Ndaganiza ndekha," anayankha motsitsa mawu. "Ndinaona nkhuku ikuvutika."