Mafuta a Chithandizo

Asanatuluke n'komwe mu Mpadue, m'mphepete mwa mzinda wa Tete, kunsi kwa galimoto kunalira, matayala akumbuyo n'kuuma gwa.

Leonildo anakwawira pansi. Diferensiyali, bokosi la magiya a matayala akumbuyo, inali moto, ikununkha ngati mandasi opserera. Dzulo lake anathiramo yekha mafuta ophikira a chithandizo otsala kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, poti valuvulina, oyilo wake weniweni, inasowa m'Tete monse. Atamasula chotsekera, tizitsulo tinakhuthukira m'dzanja lake.

Mayi ake, odwala mwakayakaya, anali chigonere pamphasa kumbuyo, atatsamira Baibulo. Nkhondo yonse anapempha chinthu chimodzi: akafere kwawo ku Tsangano.

"Mwanangu, taimiranji? Tayamba kukwera mapiri?"

"Sitinayambe, amayi."

"Ndayamba kumva kamphepo kakwathu."

Dzuwa linali kuswa mtengo. Leonildo anafumbata tizitsulo tija.

"Ambuye," ananong'ona, "Mose uja munamuonetsako dzikolo ndi maso."