Injini Yosamwa Gazolina ya a Custódio

Panali munthu wina ku Lifidzi, dzina lawo a Custódio, ndipo izi zinachitikadi. Ine ndinazimva kwa akazi awo enieni, a Felismina, poti ndine ndinawaperekeza kukawamasulira kwa azungu ku Vila Coutinho. Dera lonse lija, mkazi wolankhula Chipwitikizi cha kusukulu, osati cha kukhitchini, ndinali ine ndekha.

A Custódio anali ndi karinya, galimoto yabodi kumbuyo, imene ankanyamulira mbatata ya kachewere kukagulitsa ku Tete. Nkhondo itakula mu 1972, gazolina anayamba kusowa, pomwe karinyayo inkamwa ngati yabooka. Tsiku lina pamsika anakumana ndi mlendo wovala tayi, wodzitchula kuti Patrisio.

"Akulu, mukuvutikiranji?" anatero mlendoyo. "Ndili ndi injini ya kagalimoto ka dona wina amene wabwerera kwawo. Simamwa, imangonunkhiza. Azungu amapanga injini imodzi n'kumaiika m'timagalimoto tosiyanasiyana, chosiyana n'chigoba chokha. Mundipatse yanuyo, mutenge iyi."

A Custódio anakaitenga n'kupita nayo kwa alamu awo a Bartolomeu, amakaniko a pafupi ndi mishoni ya Fonte Boa. Iwo anaiyeza, napukusa mutu.

"Alamu, kulowa ilowa, mabowo akugwirizana. Kuti timagalimoto ting'onoting'ono timabwerekana injini, sananame. Koma iyi anaipangira kunyamula dona ndi kagalu kake, osati matumba."

"Inu mangani basi. Mukufuna ndizingolemeretsa wogulitsa gazolina?"

"Nanga koluna?"

"Koluna ndiyenda nayo kutsogolo, mudzamva."

Achinyamata amene simukudziwa, ndikuuzeni ine. Masiku amenewo galimoto sinkayenda yokha kupita ku Tete. Zonse zinkandandalikana pakati pa malole a tropa, asilikali a Apwitikizi, ina kutsogolo ina kumbuyo. Imeneyo ndiyo koluna. Kuima panjira kunali koletsedwa, ndipo wotsalira ankamuganizira kuti akukumana ndi omenya nkhondo a m'tchire.

Masiku oyamba injini inachitadi bwino. A Custódio ankazungulira nayo m'midzi, karinya ili yopanda katundu, n'kumaonetsa anthu kuti thanki silikutsika. Patrisio uja anali atasowa kale ndi injini yaikulu.

Tsiku la ulendo anadzaza matumba mpaka pamwamba, a Felismina atakhala pambali pawo. Potsika zinayenda. Atafika pa chitunda china chachitali, karinya inayamba kulira ngati mwana wa mbuzi. Magalimoto anzawo anayamba kuwapitirira imodziimodzi.

"Bambo a Marcelina, tikutsala," anatero a Felismina.

"Ndikuona."

"Pondani!"

"Ndaponda mpaka pansi, mayi, mukufuna ndiboole?"

Karinya inaima pakati pa chitunda. Lole ya tropa ya kumbuyo inafika, msilikali wina n'kumenya bodi ndi mfuti, kukalipa, kenako nawonso anadutsa. Kunangoti zii. Uku tchire, uku tchire. A Felismina anayamba kupemphera mokweza.

A Custódio anatsika. Anayamba kugwetsa matumba m'mbali mwa msewu, ili, ili, ili, mpaka theka la katundu linali pansi.

"Mukusiya kachewere yenseyu?"

"Tidzam'tenga pobwerera. Moyo kaye."

Karinya itapepuka inakwera. Anathamanga mpaka anaipeza koluna itaima pa chipata cha asilikali. A Felismina akuti amuna awo anaseka, n'kunena kuti Mulungu ndi wamkulu.

Koma msilikali womenya bodi uja anabwera, nayang'ana kumbuyo.

"M'mawa munadzaza. Matumba ena ali kuti?"

A Custódio anafotokoza. Mkulu wa asilikali anatuma lole kukaona. Inabwerako yopanda kanthu. Pamalopo panangotsala mapazi a anthu olowera m'tchire. Amene anatenga matumbawo sakudziwika mpaka lero.

"Ndiye wawasiyira chakudya anzako a m'tchirewo," anatero mkuluyo.

"Ayi bwana, ndi injini! Yalephera phiri!"

"Karinya iyi timaidziwa. Chaka chatha inkakwera pomwepa yodzaza. Lero yaiwala njira?"

A Custódio anatsegula kutsogolo kuti awaonetse kainjini kaja. Mkuluyo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye unachita kusintha dala kuti uzitsalira."

Anawamanga manja pomwepo n'kuwakweza lole. A Felismina anatsala pachipatapo ndi mtanga wawo wa kamba.

Ine ndinalowa nawo m'maofesi onse a ku Vila Coutinho. Ndinalankhula mpaka mzungu wina anafunsa kuti ndinaphunzira kuti, koma za a Custódio anangoti sakuwadziwa. A Bartolomeu anafuna kukachitira umboni za injini, akazi awo n'kuwagwira mwendo, kuti womanga injiniyo ndiwo, akawatsekera limodzi. Sanapite.

A Custódio anabwera kuchokera kundende nkhondo itatha, ataonda ngati bango, zala za manja onse zitapindika. Munthu amene ankayendetsa galimoto mpaka ku Tete, lero batani la malaya amawamangira ndi akazi awo.

Phunziro: Chinthu chikalowa pamalo sindiye kuti ndi chake. Injini yaing'ono ndi yabwino pa kagalimoto kake, osati pa katundu wa galimoto ina. Wodziwa ntchito akakuchenjezani mverani, ngakhale akhale mlamu wanu amene mumamuderera, ndipo mlendo wokupatsani chinthu chosadya kanthu mufunseni kuti nanga iye akuchisiyiranji. Mwawerenga, musasunge nokha. Patsirani anzanu, makamaka azibambo a magalimoto amene samva za akazi awo.