Matayala Obwereka

Panali munthu wina mumpingo mwathu kuno ku Sydney, dzina lake Manase, wobadwira kuzilumba za Tonga monga ambirife. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo amene anaiona akadali moyo.

Lamulo la kuno mukulidziwa. Galimoto ikakalamba, chaka chilichonse imayenera kukayesedwa kugalaja, ndipo ikakhoza amakupatsa pepala lija timati lapinki. Popanda pepalalo siiloledwa pamsewu. Nthawi ya Manase itakwana, anapita nayo kwa Kosta, makaniko wachikulire wa ku Mount Druitt.

Kosta anaizungulira, nagwada, napapasa matayala.

"Mabuleki ali bwino, magetsi ali bwino. Koma matayalawa, bwanawe, asalala kuposa dazi langali."

"Ayendabe amenewo, bambo Kosta. Tangolembani, tonse ndife anthu."

"Ine sindilemba bodza. Mvula ikagwa, iyi si galimoto, ndi sopo. Kagule ena ubwerenso."

Kunyumba mkazi wa Manase, Lesieli, ananenanso zomwezo. "Bambo a Seini, kaguleni matayala. Mwana wathu ndi mmodzi yemweyu, ndipo amakwera momwemo."

"Zagalimoto tisiyireni amuna, mayi," anayankha Manase.

Sikuti anali wosowa ayi. Ankangodziona wochenjera kuposa lamulo. Anapita kwa Taniela, mwamuna wa mlongo wake, amene galimoto yake inali ya mtundu womwewo, matayala ake abwinobwino.

"Alamu, mundibwereke nsapato za galimoto yanu Loweruka mmawa wokha. Zanga ndikuvekani, masana tibwezerana."

Taniela anaseka mpaka kutsokomola. "Ha, alamu! Mwayamba kubera mayeso imvi zili mbuu? Nanga mlongo wanu akamva?"

"Asamve. Ndingaime bwanji pamaso pake?"

Pajatu kwathu ku Tonga mlongo wa munthu ndi wolemekezeka koposa. Sumuuza zochititsa manyazi, ndipo ana ako amawatenga nthawi imene wafuna, osapempha. Choncho Kalolaine, mlongo wa Manase, sanauzidwe kanthu.

Loweruka m'mamawa amuna awiriwo anasinthana matayala kuseri kwa nyumba ya Taniela. Taniela anali atangoweruka kuntchito yausiku, ndiye anakagona. Manase analunjika kugalaja mvula ikuyamba kuwaza.

Kosta anayang'ana matayala, nayang'ana mwiniwake.

"Awa si atsopano."

"Ndi akaunjika, bambo Kosta."

"Mizere ilipo, ndiye lamulo likuti ndilembe. Koma ndikukuona."

Manase anatuluka pepala lili m'manja, akuimba mluzu. Apo n'kuti mvula ikukhuthuka. Asanalize n'komwe galimoto, foni inalira. Anali Taniela.

"Alamu, galimoto palibe pakhomo! Ndadzuka, makiyi palibe, mlongo wanu palibe!"

"Muimbireni! Muuzeni aime pomwe alipo!"

"Ndaimba. Sakuyankha."

Manase anaimbira mkazi wake. "Mayi, Kalolaine wafika kumeneko?"

"Eya, anabwera. Watenga Seini, akuti akamugulire ku Penrith diresi loyera lodzavala pa Sabata la ana kutchalitchi. Bwanji kodi?"

Manase anadula foni. Anathamangitsa galimoto mumsewu wa ku Penrith, ndipo matayala a mlamu wake ankagwira msewu bwino lomwe. Asanapite patali anaona magetsi a apolisi. Pokhota, galimoto ya Taniela inali itakulungika pamtengo wamagetsi, ambulansi itachoka kale. Wapolisi wina ankapapasa tayala, akupukusa mutu.

"Munthu wamtundu wanji amanyamula mwana pa matayala otere?" anatero wapolisiyo kwa mnzake.

Manase anabwerera m'galimoto, nalunjika kuchipatala.

Seini anamwalira asanafike kuchipatala. Anali mwana wa sitandade 3.

Kalolaine anatsala ndi moyo, mkono ndi nthiti zitathyoka. Manase atalowa m'chipinda chimene anagonekedwa anapeza abale atadzaza, abusa ali pomwepo, Lesieli atakhala pansi osatha n'kulira komwe. Taniela anali pakona, nkhope ataibisa m'manja. Kalolaine ataona mchimwene wake anayamba kudziguguda ndi dzanja lotsalalo.

"Achimwene, ndakupherani mwana! Ndinaponda buleki, galimoto inangopita ngati ili pamafuta. Apolisi akuti matayala anali otha. Otha bwanji, poti tinagula chaka chomwe chino? Kapena ndapenga ine? Ndikhululukireni, achimwene!"

Manase akanatha kukhala chete, chifukwa Taniela sakanaulula. Koma mlongo wake akanasenza imfa ya mwanayo mpaka kumanda, mwinanso n'kukaimbidwa mlandu kukhoti. Anagwada pansi, pamaso pa abusa ndi pa mkazi wake.

"Matayala aja ndi anga. Anu ali kugalimoto yanga panjapo. Ndinasinthitsa mmawa kuti ndikapusitse oyesa."

Lesieli anadzuka pang'onopang'ono n'kutuluka, osamuyang'ana. Kalolaine anasiya kulira. Anamuyang'anitsitsa mchimwene wake, kenaka anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiye galimoto yanuyo, achimwene, yakhoza?"

Phunziro: Lamulo loyesa galimoto silinaikidwe kuti likuvutitseni, linaikidwa kuti musaike maliro. Makaniko mutha kumupusitsa, koma msewu wonyowa sudziwa kuwerenga pepala. Choipa chimene mwachotsa pagalimoto yanu osachitaya, mwangochisamutsira pansi pa munthu wina, ndipo sindinu osankha amene akwerepo. Akakuuzani kuti chinthu chatha, chatha basi, gulani china. Inu obwereketsa, mlandu ndi wanunso. Ndipo manyazi amene akukuletsani kuchenjeza mbale wanu si ulemu, ndi tchimo. Musaisunge nkhaniyi m'foni mwanu. Itumizeni kwa aliyense amene ali ndi galimoto, makamaka uja amadziona wochenjera.