Mpiru Wobooka

Keziya anadutsa benchi la mlamu wake osaima.

Anasi, mlongo wa mwamuna wake, anali atayala mpiru wobiriwira bwino, masamba osalala opanda bowo ndi limodzi lomwe. Zaka zinayi zonse Keziya ankagula ndiwo pamenepo, mumsika wa pa Boma.

Tsiku limeneli anakanjuta pa chiguduli cha mayi wina wa ku Ludzi, yemwe mpiru wake unali wobookabooka.

"Kudimba mumathirako chiyani, mayi?"

"Manyowa a mbuzi ndi phulusa basi."

"Ndipatseni mipukutu iwiri."

Anasi anadzuka, manja ali m'chiuno. "Alamu, mwandidumpha ine n'kukagula zotsala za mbozi? N'zokwera mtengo kuposa zanga zimenezo."

Amayi a m'mabenchi oyandikana anasiya kuitanira malonda.

"Mbozi yadya mpiru uwu ikadali moyo," anatero Keziya, osakweza mawu. "Mwana wanga Tamandani anadya wanu Lachiwiri, wagona m'chipatala masiku atatu akusanza. Mankhwala a fodya aja munapopera liti?"

Mtsikana wina amene anali atasankha kale mpukutu pa benchi la Anasi anaubwezera pang'onopang'ono, n'kupukuta dzanja pachitenje.

Anasi anamuloza chala Keziya. "Mwandichititsa manyazi pagulu. Achimwene amva zimenezi lero lomwe, tione ngati mukhalitse pabanjapo."

Keziya anaika mpiru wake m'dengu, n'kulisenza.

"Kawauzeni," anatero. "Kuchipatalako ndi iwowo ankamugwirira mwanayo beseni."