Botolo la oyilo limene amayi a pasinki anakana kutaya

Panali munthu wina, ndipo nkhani yake ndi yoona, amene anandiuza sanama. Anangomaliza kumene sukulu zapamwamba zija, n'kulembedwa ntchito mulabu yoyeza oyilo wa magalimoto. Anzake ankamutcha Atayi, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo, tayi pakhosi. Anali pa miyezi itatu yoyesedwa, kunyumba mkazi ali ndi pathupi. Kungolakwitsa kamodzi, ntchito yatha.

Ntchito yake inali iyi. Eni mabasi ankatumiza oyilo wa mu injini m'timabotolo. Iye ankathira pang'ono m'kachubu ka galasi, n'kukaviika m'thanki ya madzi ofunda. Ukatero umadikira theka la ola kuti oyiloyo afunde bwinobwino. Kenako umagwira wotchi, n'kuwerenga masekondi amene oyilo watenga kutsika kuchoka pa mzere wapamwamba kufika wapansi. Akatsika mwaulemu ndiye kuti akunanda bwino. Akathamanga ngati madzi, injiniyo ili pa ngozi.

M'labumo munalinso mayi wina wotsuka machubu. Zaka 22 ali pasinki, dzina lake amasaina ndi chala. Atayi sankamupatsa moni. Akafuna chinthu ankangoti, "Inu a sopo, chubu."

Lachisanu lina masana kunabwera botolo la basi yopita ulendo wa masiku awiri, yonyamuka 5 koloko. Koma 3 koloko kunali mpira pa TV. Atayi anathira oyilo, kuviika chubu, nthawi yomweyo wotchi m'manja.

Mayi uja anacheuka. "Achimwene, mwaviika pompano. Oyiloyo sanafunde."

"Wafunda."

"Onse amene anakhalapo pampando umenewo amadikira. Wozizira amayenda pang'onopang'ono, akunamizani."

"Amayi, munaphunzira kuti zimenezi? Inu zanu ndi thovu."

Mayi anabwerera pasinki. Masekondi anatuluka okongola, Atayi anasaina kuti oyilo ali bwino, pepala n'kupita kwa eni basi.

"Botolo lotsalalo mutaye," anatero akuvula gawuni yoyera ija. Ulendo.

Tsono mvetserani. Mayi atatenga chubu chija kuti atsuke, oyilo anangoti tsuu, kutuluka wosakakamira n'komwe. Zala za zaka 22 zinadabwa. Anatsegula botolo, kununkhiza. Dizilo. Ndiye kuti dizilo akudontha n'kulowa mu oyilo, ndipo injini yotero imakanokera pakati pa msewu, anthu ali m'kati. Pepala lovomereza lili ndi dzina la ndani? La Atayi.

Ofesi ya abwana inali pafupi, masitepe khumi. Akanakhala wina, ena a inu amene mukuwerenganu, akanathamangira komweko mano ali pamtunda. Koma mayi anakumbukira kamtsikana kapathupi kamene kankabweretsera Atayi chakudya pageti. Anatenga kafoni kake komanga ndi labala.

"Achimwene, ndine wa sopo. Bwererani."

"Amayi, mpira wangoyamba kumene."

"Mpirawo ukakulembani ntchito Lolemba? Botolo lija sindinataye. Likununkha dizilo. Chubu china ndaumitsa kale."

Atayi anafika thukuta lili kamukamu, tayi itapita kumsana. Anathiranso, kuviika. Ulendo uno anadikira, ndipo theka la ola limenelo linamutalikira ngati mwezi. Ankangoyang'ana wotchi yapakhoma. Mayi ankatsuka zake, osamuyang'ana.

Atagwira wotchi, oyilo anatsetsereka ngati akuthamangitsidwa. Masekondi osafika ndi theka lomwe la oyamba aja.

"Ndatha ine," anatero.

"Simunathe. Ili 4 koloko. Miyendo muli nayo, pakamwa muli napo. Kanenenitu nokha."

"Ndikanene kuti chiyani?"

"Zimene munachitazo. Kapena mwaiwala, ndikukumbutseni?"

Anapita kukadzinenera kwa abwana. Abwana anaimba foni pomwepo, basi anaigwira ikulowetsa katundu, anthu n'kuwasamutsira mu ina. Amakaniko atatsegula injini anapeza paipi ya dizilo yang'aluka. Akuti basiyo sikanayenda ndi maola atatu omwe.

Lolemba abwana anaitana Atayi. Anamukalipira mpaka makutu kuwawa, kalata yochenjeza n'kumupatsa, miyezi yoyesedwa n'kuwonjezera itatu ina.

"Ukanapanda kubwera wekha, lero ukanakhala uli kunyumba," anatero abwanawo. "Unadziwa bwanji kuti walakwitsa?"

Apa pokha ndimuyamikire. Sananame. "Amayi a pasinki aja ndi amene anaona, bwana."

Atatuluka anapita molunjika pasinki, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Amayi, mwapulumutsa ine, mkazi wanga ndi mwana amene sanabadwe. Sindikudziwa ndikuthokozeni bwanji. Ndikugulireni chiyani?"

Mayi anatseka mpopi, kupukuta manja pa epuloni.

"Musandigulire kanthu. Mukamalowa m'mawa muzindipatsa moni."

Atayi anangoweramitsa mutu, misozi ili lengelenge.

Pano akuti ndi iye amene amaphunzitsa obwera kumene. Tsiku loyamba sawaonetsa wotchi kapena thanki. Amayamba wawatengera pasinki, n'kunena kuti, "Awa ndi amayi anga. Apatseni moni."

Phunziro: Chimene anati dikira, dikira, mpira sudyetsa banja. Ndipo inu a mapepala, musanyoze munthu poti amasaina ndi chala, maso ndi mphuno sanazisiye kunyumba. Amene anakuphimbanipo tsiku lina, muthokozeni akadali moyo. Mukawerenga musangokhala nayo ngati yanu, tumizirani ana anu ndi adzukulu, makamaka aja ovala tayi.