Mzere Wosakwana Khumi

"Ofuna fizikisi kumanja, ofuna kemisitiri kumanzere," anatero aphunzitsi aakulu. "Lamulo lathu mukulidziwa: mzere ukapanda kukwana khumi, phunzirolo chaka chino kulibe."

Mtsikana amene anzake ankamutcha Kabotolo anaima kumanzere, patsogolo penipeni. Zala zake zinali zidakali zofiirira ndi mankhwala a dzulo a mu labu ya kemisitiri, aja anasintha mtundu wa madzi ndi kadontho kamodzi kokha.

Aphunzitsi anawerenga mitu akuloza ndi choko. Asanu ndi anayi.

Kabotolo anacheuka. Mnzake wa pa desiki imodzi, amene analumbira kuti adzaima limodzi, anali kumanja, maso ali pa nsapato.

"Iwe, bwera kuno," ananong'oneza Kabotolo. "Watsala iwe wekha."

"Bambo akuti fizikisi," anayankha mnzakeyo osadzutsa mutu. "Ukufuna ndikagone kuti?"

Mayi ophunzitsa kemisitiri anali pakhomo la labu, makiyi ali m'manja.

"Bwana, tawerenganinso," anatero. "Mwina wina wabisala kumbuyo kwa mnzake."

Aphunzitsi aakulu anawerenganso pang'onopang'ono, ngati kuti mitu ingaswane. Asanu ndi anayi.

"Basi, nonse kumanja. Mayi, tsekani, makiyiwo mukasiye ku ofesi."

Anzake asanu ndi atatu anasamuka akukoka mapazi. Kabotolo anatsala yekha, akumva loko ikulira pachitseko.

"Nanga iwe, wamera mizu?" anafunsa aphunzitsi aakulu.

Ena anaseka. Iye anakaima kumapeto kwa mzere wa fizikisi, napisa manja m'thumba kuti mtundu uja usasuluke msanga.