Dzanja la Nchimunya

Nchimunya anaimika dzanja mpaka phewa linayamba kuwawa.

Anali atapalasa bwato kuchokera kuchilumba chawo cha pamtsinje wa Kafue kudzafika kumsonkhano ku Nangongwe. A bungwe lina la ku Lusaka ankati akufuna kumva maganizo a anthu pa za madzi osefukira. Iye anabwera ndi nkhani imodzi yokha: madzi ameza minda ndi manda omwe, ndipo mtanda wa pamanda a mwana wake ukungooneka nsonga.

"Ba mayi, musaseluse kwanja," anatero wojambula zithunzi, pomuletsa kutsitsa dzanjalo. Kamera inaphethira. "Yaoneka bwino maningi!"

"Nifuna kukamba," anatero Nchimunya.

"Nthawi yasila, ba mayi," anayankha a Chindikani, otsogolera msonkhano, uku akumupatsa mbande ya mtengo m'kapulasitiki kakuda. "Maganizo yanu tamvela. Mukabyale iyi kwanu, mitengo ichingiliza manzi."

"Nikabyale pati?"

Koma anthu anali atayamba kale kusanja mipando.

Nchimunya anayang'ana kapulasitikiko. Pachilumba chonse, dothi losamira likakhala lokhali, la m'manja mwakemu.